Nkhosa Zinaswa Mitengo Ikudontha

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi takhala pa famu yathu kuno ku Beauce, ine ndi amuna anga a Florent Quirion, ndipo zaka zonsezo ntchito zathu ziwiri sitinkalola kuti zikumane. Malichi ndi Epulo inali miyezi ya mitengo. Tinkaboola mitengo ya mapulo mazana asanu ndi limodzi, kulowetsamo timipopi, kupachika ndowa, kutunga madzi ake otsekemera ndi kuwaphika mpaka asanduke manyuchi. Meyi unali mwezi wa nkhosa. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi isanu, choncho yamphongo tinkaitsekera payokha mpaka Disembala kuti ana azibadwa msipu utaphuka, ndowa titatsuka kale, msana utawongokako.

Okutobala wa chaka chatha mwana wathu Maryse anachira ku Rimouski, ndipo tinapita kukaona mdzukulu. Tinakhalako masiku khumi. Ziweto tinasiyira mnansi wathu a Gaétan Fecteau, munthu wa ng'ombe zamkaka amene za nkhosa sadziwa kanthu. Pobwera tinapeza chitseko cha kakhola ka mphongo chili chitsegukire, mwini wake Gros-Louis ali pakati pa zazikazi makumi anayi ndi ziwiri, akubzikula ngati munthu amene wamaliza ganyu.

"Ine ndimayesa mwaisiya dala," anatero a Gaétan. "Tsiku lomwe munachokalo ndinaipeza ili momwemo. Nanga ikanadandaula? Taonani nkhope yakeyo."

A Florent sanaseke. Anaima n'kumawerenga miyezi ndi zala, kenako anavula chipewa.

"Malichi," anatero. "Ziswa mu Malichi. Ndine ndinaipatsa udzu m'mawa uja. Ndine sindinakole chitseko."

Sanali iwo. M'mawa umenewo, iwo atatuluka kale m'khola n'kukaliza galimoto, ine ndinabwerera kukaikira mphongoyo mchere. Hutala inkalira, ndinatuluka mothamanga, ndipo chitseko ndinangochikankha ndi chigongono. Ndinakumbukira zonsezi nthawi yomweyo, a Gaétan akulankhula. Koma pakhomo pathu ine ndi amene ndinkadziwika kuti sindiiwala. Ndine ndinkawakalipira a Florent akasiya magetsi akuyaka kapena akataya makiyi a thirakitala. Ndinati ndiwauza tikalowa m'nyumba. Titalowa ndinati ndiwauza mawa. Mawa lake linandilemera kuposa dzulo, ndipo chisanu chinatipeza ndisananene.

Bambo awo a Florent anamwalira osazindikira ana awo. Anayamba ndi kuiwala tinthu ting'onoting'ono. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene amuna anga ankaganiza, chifukwa nyengo yonse yachisanu anayamba kumata timapepala paliponse. Pa chitseko cha khola analemba kuti KOLA. Pa mbaula analemba kuti ZIMITSA. Akagona ankadzukanso kukaona ngati atseka zimene anatseka kale.

Mitengo imadontha usiku kukazizira mpaka madzi kuundana, masana n'kufunda. Chaka chino zinayamba pa 12 Malichi. M'mawa wa tsikulo ndinalowa m'khola n'kupeza nkhosa yoyamba itaswa awiri, ina ikuzungulirazungulira n'kumapalasa udzu. Ndikuwapukuta anawo, a Florent anasuzumira pakhomo, mphuno ili psuu ndi mphepo.

"Iwe Jocelyne, yayamba. Ndowa za kumtunda zafika kale theka."

"Kunonso zayamba."

Tinayang'anana. Iwo anapita kukaliza thirakitala, ine ndinakaimbira foni alamu anga a Huguette.

A Huguette ndi mchemwali wawo wamkulu wa a Florent, wamasiye, wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, amakhala m'tauni ku Saint-Georges. Anafika masana ndi masutikesi awiri ndi mphika wa nyemba zophikira nyama ya nkhumba, akulankhula asanatsike n'komwe m'galimoto.

"Ndinathawa manyi a nkhosa ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, lero mwandibwezeretsamo! Mlamu, mwaonda. Uyu ali kuti? Akadali ndi ndowa zake zija? Anzake onse anaika mapaipi kalekale, madzi amadzitsikira okha."

"Amati mitengo si odwala kuti aziiika madiripi."

"Ndiye aikidwa ndi iyeyo diripiyo. Ndipatseni nsapato za m'matope."

Masiku otsatirawo sindingathe kuwasiyanitsa. Kukacha ndinkayamba ndi khola: kuona zimene zaswa, kupatula mayi ndi ana ake m'kachipinda kawo, kuthira mankhwala pa michombo, kukama mkaka woyamba n'kumwetsa ofooka. Dzuwa likakwera ndinkavala nsapato zotambalala zoyendera pa chipale chofewa n'kutsatira a Florent kunkhalango. Chipale chinali chofika m'ntchafu, ndipo masana chikafewa phazi linkabooleza. Mtengo uliwonse: kuchotsa chivundikiro, kukhuthulira madzi m'chidebe, kupachikanso ndowa, kupita pa wina. Zidebe ziwiri zikadzaza, kuyenda nazo mpaka pa thanki ya pa ngolo. Ndowa makumi anayi za madzi zimatulutsa ndowa imodzi ya manyuchi, ndipo madziwo sadikira. Akagona masiku awiri osaphikidwa amasasa.

Thanki ikadzaza a Florent ankatsala m'kanyumba kophikira, kusonkhezera nkhuni m'ng'anjo, nthunzi ili tolotolo padenga. Ine ndinkabwerera kukhola. A Huguette anatenga khitchini ndi ana a nkhosa amene amayi awo anawakana. Pofika tsiku lachisanu anali nawo anayi m'makatoni pafupi ndi mbaula, ndipo aliyense anamupatsa dzina la mwamuna amene anawafunsirapo ali mtsikana.

"Imwa, Rosaire, imwa. Unali wadyera kalelo, ukadali wadyera."

Tinkadya choimirira. Nyemba, buledi, mazira owiritsa m'madzi a mitengo, khofi wozizira. Manja anga, amene nyamakazi inawayamba kale, anatupa mpaka mphete inalowa m'mnofu. A Florent ankatsimphina ndi chiuno chawo chija, koma sankadandaula. Chimene ankachita n'kufunsa. "Ndatseka mpopi wa thanki? Wandiona ndikutseka?" Ndinkayankha kuti inde, ndakuonani.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, cha m'ma 3 koloko masana, nkhosa ina yaikulu imene tinkaitcha Yakhutu Long'ambika inavutika. Inali itayamba m'mawa. Nditapisa dzanja ndinapeza mchira, miyendo itapindikira mkati. Ndachitapo zimenezi kambirimbiri, koma tsiku limenelo zala zanga zinakana kupinda. Ndinkaugwira mwendo, n'kupulumuka. Ndinayesa mpaka thukuta linalowa m'maso, nkhosayo itangogoneka mutu pansi, yasiya n'kulira komwe.

"Alamu, kawaitaneni."

"Ali pamoto uyo."

"Kawaitaneni, ifa iyi!"

Kanyumba kophikira kali patali pang'ono, kuseri kwa munda wa udzu. A Florent anafika akupuma mwabefu, anakwinya malaya, anagwada. Anabweza kamwanako mkati, anawongola miyendo umodziumodzi, n'kukoka. Koyambako kanatuluka kakufa. Kumbuyo kwake kunali kena, kamoyo, kachikasu thupi lonse. Ndinakapukuta mphuno ndi udzu mpaka kanayetsemula. Mayi wake anadzutsa mutu n'kuyamba kukanyambita.

Tinakhala pansi pomwepo, misana titatsamira khoma. Mwina tinakhala mphindi khumi, mwina kuposa. Ndikuganiza kuti tonse awiri tinasinza. Amene anatidzutsa ndi a Huguette, ataima pakhomo, akununkhiza m'mwamba.

"Kodi chikupserera n'chiyani?"

A Florent anathamanga ngati alibe chiuno chowawa. Ine ndinafika mochedwa. Utsi wakuda unali utadzaza kanyumbako, iwo akukokera nkhuni zoyaka panja ndi fosholo n'kumaziponya pa chipale. Pochoka anaiwala kutsegula mpopi wolowetsa madzi m'chiwaya, ndipo moto unapitiriza ntchito yake. Manyuchi a tsiku lonse anasanduka makala. Chiwaya chakutsogolo, chimene tinagula chaka chimene Maryse anabadwa, chinapindika pakati ngati chikopa chouma. Pamwamba pake penipeni panali kapepala kawo kolembedwa kuti TSEGULA MPOPI, kali bii ndi mwaye.

Utsi utachepa anakhala pa mulu wa nkhuni. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Basi, Jocelyne. Ndayamba njira ya bambo."

"Mwatopa chabe. Ndani sakanaiwala?"

"Chitseko chija ndinali nditatopa? Tinali titagona bwino, tikupita kukaona mdzukulu. Lero chiwaya. Mawa nditentha khola ndi nkhosa zomwe." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Tamvera. Ndikadzayamba kukufunsa kuti ndiwe yani, usadzachite zimene anachita mayi. Anawasunga bambo zaka zisanu ndi chimodzi mpaka iwo ndi amene anayamba kufa. Udzandipititse kunyumba ya okalamba ku Saint-Georges. Ndinakafunsako kale mu Januwale, tsiku lija ndinati ndikukagula mipopi."

Ndinagwira mzati.

"Bambo a Maryse, chitseko chija simunali inu."

Anandiyang'ana.

"Munatuluka mutakola. Ine ndinabwereramo kukaika mchere. Munkaliza hutala, ndinathamanga, sindinakole. Ndine."

"Ukunena kuti undisangalatse."

"Ayi. Ndinadziwa tsiku lomwe lija, a Gaétan akulankhula."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anawerenganso ndi zala monga anachitira mu Okutobala, pang'onopang'ono, mpaka chala chachisanu.

"Miyezi isanu," anatero. "Unkandiona ndikumata mapepala."

"Ndinkakuonani."

Anaimirira, anatenga chitsulo chopalira, n'kuyamba kupala makala m'chiwaya chimene tonse tinkadziwa kuti sichidzagwiranso ntchito. Ndinaima kumbuyo kwawo kanthawi. Kenako anati, osatembenuka, "Pitani kukhola, mayi. Nkhosa zikukudikirani."

Chikwatiraneni anali asananditchulepo kuti inu.

A Huguette ndinawauza ndekha madzulo ake, tikusakaniza mkaka wa ana a nkhosa. Anasiya kutakasa.

"Mlamu, ine malemu amuna anga ndinawabisira zambiri. Mtengo wa makatani, ngozi ya galimoto, zonsezo anapita nazo kumanda osadziwa. Koma kumubisira munthu mutu wake womwe? Ayi, pamenepo mwaonjeza."

"Ndikudziwa."

"Musandiuze kuti mukudziwa, gwirani botolo ili. Rosaire akulira."

M'mawa mwake a Gaétan anabwera ndi chiwaya chakale cha malemu bambo awo, chimene chinakhala m'nkhokwe zaka zambiri chikusungira misomali. Anachitsuka ndi a Florent, anachikhazika pang'anjo, mipata anatseka ndi njerwa. Chinali chaching'ono, choncho kuphika kunkatenga nthawi yaitali kuposa kale. Mitengo sinadziwe kuti kwathu kwagwa zotani. Sabata imeneyo inadontha kuposa masiku onse, ndowa zikusefukira tisanazifikire. Nkhosa nazo zinapitiriza. Zonse zimene Gros-Louis anazipeza m'masiku khumi aja zinakwana makumi awiri ndi zisanu.

Tinkagwira ntchito limodzi monga kale, mtengo uwu ine, uwo iwo, koma mawu anali a ntchito okhaokha. "Bweretsani chidebecho." "Thanki yadzaza, tiyeni." Patebulo ankalankhula ndi mchemwali wawo.

"Achemwali, auzeni kuti udzu wa m'mwamba watsala mitolo makumi atatu."

"Uwauze wekha, ali pomwepa. Ine sindine positi ofesi."

Timapepala tija a Florent anatichotsa tonse tsiku limodzi. Ndinapeza pa chitseko cha khola patangotsala kachidutswa ka tepi. Koma patapita masiku atatu ka pa mpopi kanabwereranso, kolembedwa mwatsopano. Sindinafunse.

Tsiku lina kunagwa chipale chatsopano ndipo kunazizira usana wonse, mitengo inaima. A Florent anavala malaya a kutchalitchi, a Huguette anawatenga pa galimoto yawo kupita nawo kwa dokotala. Ine sanandiitane. Ndinatsala ndikuchotsa manyowa m'tizipinda ta nkhosa, ndipo nditamaliza ndinakhala pa mtolo wa udzu n'kugona tulo tofa nato, kamwana ka Yakhutu Long'ambika kakundiyamwa chingwe cha nsapato. Atabwera, a Huguette ndi amene anandiuza.

"Amufunsa tsiku, mwezi, amujambulitsa wotchi. Wakhoza zambiri. Mawu asanu amene anamuuza kuti asunge, wakumbukira atatu. Dokotala akuti munthu wosagona milungu itatu sangamuyeze bwino, abwerenso mu Seputembala."

"Ndiye kuti ali bwino?"

"Ndiye kuti abwerenso mu Seputembala, mlamu. Ine ndanena zimene ndamva."

Chakumapeto kwa sabata yachiwiri ya Epulo chipale chinasanduka matope. Thirakitala inatitimira kawiri. Usiku unasiya kuundana, masamba anayamba kutupa m'nsonga za nthambi, ndipo manyuchi anayamba kuda ndi kuwawira. A Florent analawa a tsiku lomaliza pa supuni, analavula, n'kusiya moto uzime wokha. Pa zaka zonse, tsiku lotseka tinkaitana anansi, kuthira manyuchi otentha pa chipale choyera kuti ana azikolowola ndi timitengo. Chaka chino palibe anatchula zimenezo. A Huguette analongedza masutikesi awo Lamlungu. Rosaire anamupsompsona pamphumi, ine anandigwira phewa, mchimwene wawo anamuuza kuti amete ndevu chifukwa akuoneka ngati mphongo yake.

Inatsala ntchito imene ndimadana nayo kuposa zonse: kuzula mipopi m'mitengo, kututa ndowa zonse kunkhalango, kuzitsuka imodziimodzi ndi madzi otentha n'kuziyanika. Tinaika mabafa awiri panja pa kanyumba kophikira. Iwo ankakwecha, ine ndinkatsukuluza. Tsiku loyamba tinatsuka mazana awiri osalankhulana. Tsiku lachiwiri, dzuwa litapendeka, achule akulira kudambo, anaimika dzanja m'madzi.

"Mitengo ya kumtunda ndamupatsa Gaétan. Aikemo mapaipi akewo. Ife titsale ndi mazana awiri a kufupi kuno."

"Mwagwirizana kale?"

"Dzulo."

Nkhalango ya kumtunda ndi imene agogo awo anayamba kuboola. Ndinafuna kunena kanthu, koma ndinaona kuti si ine woyenera kuwatonthoza.

"Nkhosanso tichepetse," ndinatero. "Manja angawa sangathenso makumi anayi."

"Zingati?"

"Titsale ndi makumi awiri ndi zisanu."

Anagwedeza mutu. Anatenga ndowa ina, anaikwecha mkati, anaitembenuza.

"Chiwaya chija ndinawotcha ndine," anatero. "Pamenepo panalibe wina."

"Munabwera kudzandithandiza ine."

"Ndinawerenga kapepalako ndikutuluka. Ndikukumbukira ndikukawerenga. Koma mpopi sindinatsegule." Anandipatsira ndowayo. "Seputembala tidzapite limodzi. Huguette amalankhula kwambiri, dokotala mpaka anamufunsa kuti wodwala ndani. Iwe udzangokhala chete n'kumva zimene anene, udzandiuze zonse. Zonse, Jocelyne."

"Ndidzakuuzani."

Anapisanso manja m'madzi. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira, ndipo sindinawafunse. Tinatsuka mpaka madzi anazizira, ndowa zina zana limodzi ndi makumi asanu tinazisiyira mawa.

Tinapuma milungu iwiri, ngati kukonza mipanda ndi kumwaza manyowa m'munda n'kupuma. Nkhosa khumi ndi zisanu ndi ziwiri zimene zinatsala mu Okutobala zinatenga bere pa nthawi yake, mu Disembala, ndipo mimba zawo zinali zitatsika. Pa 6 Meyi m'mawa ndikutentha buledi, a Florent analowa osavula nsapato, udzu uli m'tsitsi.

"Ija yakuda kumaso yayamba. Mutu watuluka, mwendo umodzi kulibe."

Ndinazimitsa mbaula. Mphete ndinali nditaidulitsa kale ku Saint-Georges, chala chinali chisanaphwe. Ndinatenga sopo ndi chidebe cha madzi ofunda, iwo anatenga matawulo, tinapita kukhola.